Ndani Anadyetsa Asilikali a Roma?

Anzanga, pamene tiphunzira mbiri ya Aroma timaloweza mayina a akazembe ndi zaka za nkhondo zawo, koma za chakudya sitimva kanthu. Ine ndiganiza kuti kutero n'kulakwa, pakuti munthu wanjala saponya mkondo.

Taonani. Msilikali mmodzi ankalandira tirigu wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi pa tsiku, ndipo mtengo wake ankaudula pa malipiro ake. Gulu limodzi lotchedwa legion linali ndi amuna ngati 5,000. Werengani nokha: ndiwo matumba pafupifupi 100 a makilogalamu 50 tsiku lililonse, osawerengera udzu wa akavalo, madzi ndi nkhuni. Tiriguyo sankabwera wopera kale ayi. Amuna asanu ndi atatu ogona m'hema imodzi anali ndi mphero yawoyawo, yonyamulidwa ndi nyulu, ndipo madzulo, atayenda tsiku lonse, ankapera okha n'kuphika phala kapena mkate. Amene achita mantha pa nkhondo ankapatsidwa barele, chakudya cha ziweto, kuti achite manyazi.

Ena adzati, "Koma Julius Caesar anapambana chifukwa cha nzeru zake." Sindikana. Komabe mdani wake Vercingetorix anadziwa pomugwira. M'chaka cha 52 Khristu asanabadwe, iye anauza anthu a ku Gaul kuti atenthe midzi yawo yomwe, kuti Aroma asapeze cholanda. Pa mudzi wa Avaricum asilikali a Caesar anakhala masiku angapo opanda tirigu, napulumuka ndi ng'ombe zokatenga kutali. Patapita zaka zinayi, ku Dyrrhachium, anakumba mizu yotchedwa chara, naisakaniza ndi mkaka kuti ikhale ngati mkate. Nzeru za kazembe zikanathandiza chiyani mizuyo ikanasowa?

Chimene chindidabwitsa koposa ndi nkhokwe zawo. M'malinga a ku Britain, monga la Housesteads, pansi pa nkhokwe ankapakweza pa timizati tamiyala kuti mphepo idutse, chinyezi chisaononge tirigu. Mfumu Septimius Severus atabwera m'chaka cha 208 kudzamenyana ndi mafuko a kumpoto, linga la ku South Shields analisandutsa mosungira chakudya, lokhala ndi nkhokwe zoposa 20, ndipo maziko ake akuonekabe lero.

Tsono ndipempha aphunzitsi athu a mbiri kuti m'mayeso akudzawa atifunseko limodzi la oyendetsa ngolo, amalinyero ndi alembi a nkhokwe. Kunena zoona, zaka za nkhondo zatitopetsa.