Wajambula Ndani, Iye Kapena Mvula?

Mnzanga amene timagona naye chipinda chimodzi amaphunzira zojambulajambula. Teremu yatha anasiya kugwira burashi. Anagula nsalu yoyera, nkuidula zidutswa 12, nkukulungamo misomali yadzimbiri, katondo, makala osinja ndi masamba a tiyi ogwiritsidwa kale ntchito. Kenako anakaziyala kuseri kwa hositelo kuti mvula iziwombe kwa masabata awiri. Zidutswa zina zinaola. Chimodzi chinadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Koma zitatu zinatuluka ndi mizere yofiira ngati mitsinje yosefukira, yomwe dzanja la munthu silikanatha kuilemba.

Atazipereka, mphunzitsi wina anamufunsa kuti, "Kodi wajambula ndiwe kapena mvula?" Malikisi anali ochepa. Ine ndikuona kuti funsolo linali labwino, koma malikisiwo anali olakwika.

Poyamba nanenso ndinkamuseka kuti ulesi wamupeza. Chinandisintha maganizo ndi kope lake. Analembamo tsiku limene wayala nsalu iliyonse, kuchuluka kwa misomali, ngati nsaluyo anayamba waiviika m'madzi amchere kapena ayi, ndiponso masiku amene mvula inagwa. Anazindikira kuti mchere umafulumizitsa dzimbiri, ndipo kuti tiyi akakumana ndi dzimbiri mtundu umada bii. Waulesi salemba zotere. Chimene mnzangayu anasiya ndi kulamulira mzere uliwonse, koma kuganiza sanasiye.

Njirayi si yachilendo. M'chaka cha 1947, Jackson Pollock wa ku America anayamba kuyala nsalu pansi nkumadontheza penti ndi timitengo. Mu 1952, Helen Frankenthaler, ali ndi zaka 23 zokha, anasungunula penti nkuithira pa nsalu kuti ilowerere yokha. Chithunzi chake chotchedwa Mountains and Sea chinabadwa motero. Kuno ku Africa tili ndi El Anatsui wa ku Ghana, amene anayamba kuphunzitsa ku Nsukka, m'dziko la Nigeria, mu 1975. Iye amalumikiza zitsekerero za mabotolo a mowa ndi waya wa kopa nkupanga chinthu chonga chinsalu chachikulu, koma salamula kapachikidwe kake. Opachikawo amachipinda mmene aonera, ndiye malo alionse chimaoneka mosiyana. Palibe amene amati ntchitoyo si yake.

Koma tisapite kutali. Agogo anga aakazi amaumba miphika ndipo amaiwotchera pamtetete, ndi nkhuni ndi udzu. Mawanga akuda amene amatsala pamphika sawasankha. Amabwera malinga ndi mmene nkhuni yagonera ndi kumene mphepo yalowera. Komabe wogula akati mphikawo ndi wokongola, amayamika agogo, osati moto. Amene anadziwa dambo lokumbako dongo, nadikira kuti mphika uume bwino usanaone moto, ndi iwo.

Ife ophunzira chiyankhulo tiyenera kumvetsa zimenezi msanga. Chichewa chimasiyanitsa "mphika waswedwa" ndi "mphika wasweka". Poyambapo pali woswa, ndipo tingathe kumutchula. Pachiwiripo, pa msintho umene kusekondale tinkautcha wam'chibisira, wochita ntchito sapezeka. Sitinganene kuti "wasweka ndi mwana". Mphunzitsi uja anaona nsalu zija ngati zangojambulika. Ine ndikuti zinajambulidwa, ndipo wozijambula ndimagona naye chipinda chimodzi, ngakhale kuti zala zake sizinakhudze mzere ndi umodzi womwe.

Sindikunena kuti chilichonse chonyowa ndi mvula ndi luso. Mwa zidutswa 12 zija, zambiri zinali nsanza chabe, ndipo fungo lake linatisowetsa mtendere sabata yathunthu. Nkoyeneranso kuti wophunzira asonyeze kuti pensulo amaitha, chifukwa ena angabisale kuseri kwa njirayi pothawa kujambula nkhope ya munthu. Koma woyesa mayeso akadafunsa chifukwa chimene anasankhira zitatuzo nkutaya zinazo, komanso akadapempha kope lija. Mafunso amenewa sanafunsidwe.

Mnzangayu akudikira dzinja likudzali. Wasonkhanitsa kale misomali yodzaza chitini, ndipo wapeza chulu chapafupi pamene akufuna kukwirirapo nsalu ziwiri. Akuti chiswe chija chinadya bwino, koma chinasiya msanga.