Za Pakhomo: Moto Nawonso Umapuma



M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri la Bangwe, ambiri a ife timatenga sanza ndi makatoni ndi kutseka zibowo zonse za m'khitchini, kuti mphepo ingalowe. Mwezi uno ndikupemphani kuti muleke chizolowezi chimenechi, pakuti chimaika moyo pachiswe.

Makolo athu ankasonkha moto m'nyumba zofolera udzu, ndipo mpweya unkalowa ndi kutuluka padenga. Lero nyumba zathu ndi za njerwa, malata ndi magalasi, ndipo ena asiya makala nayamba kuphikira gasi wa m'masilinda. Nzabwino ndithu, koma walira mvula walira matope. Wofuna moto aupatsenso mpweya.

Moto umapuma monga munthu. Mwa magawo 5 a mpweya wotizinga, limodzi lokha ndilo oksijeni, amene moto umadya. Chipinda chikatsekedwa, oksijeni amachepa, ndipo moto wa gasi kapena wa mbaula umabala mpweya wakupha, umene ophunzira amautcha carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe maonekedwe. Umakakamira m'magazi koposa oksijeni kokwana 200. Munthu amayamba ndi litsipa, chizungulire ndi nseru, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso.

Tsono chitani izi. M'chipinda chophikira mukhale zibowo ziwiri zotulukira kunja: china pansi, china pafupi ndi denga. Chapansi chimalowetsa mpweya watsopano, ndiponso chimatulutsa gasi akadontha, popeza gasi ameneyu ndi wolemera, amakhala pansi monga madzi. Chapamwamba chimatulutsa mpweya wotentha. Ngati muopa udzudzu ndi makoswe, ikanipo sefa wa waya, koma musatseke ayi.

Yang'ananinso lawi la chitofu. Likakhala lobiriwira ngati thambo, moto ukupuma bwino. Likakhala lachikasu, miphika nkumada mwaye, zimitsani ndi kuitana mmisiri wodziwa. Ndipo mbaula yamoto isagone m'nyumba, ngakhale chisanu chikule bwanji.

Mukaona onse a m'nyumba akudandaula mutu nthawi imodzi, musati ndi malungo. Tsegulani zitseko, tulutsani ana panja, ndipo wofooka muthamange naye kuchipatala cha Bangwe kapena ku Gulupu.

Bambo, madzulo ano kayendereni khitchini yanu. Sanza zimene mupeze m'zibowo muzichotse, ndipo ana muwafundike bulangete lina.

Tsalani bwino kufikira mwezi wamawa.