Chodula ku Cape Maclear si chipata

Akonzi,

Amene analemba kuti kulipira pachipata cha Lake Malawi National Park ku Cape Maclear n'kutaya ndalama akuloza chala polakwika. Inde zinthu zakwera, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma chimene chikuboola thumba la banja lochokera ku Lilongwe ndi mafuta, pogona ndi boti lopita kuchilumba cha Thumbi. Pachipata Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo wakunja. Ena akuti nyanja ndi ya Mulungu, ilipiritsidwa bwanji? Chabwino, koma nsomba za mbuna zamawangamawanga zija, zimene zimajompha buledi m'manja mwa ana, zasungika chifukwa pakiyi, yokhazikitsidwa mu 1980, imaletsa kuponya ukonde m'mamita 100 kuchokera kugombe lake. Alonda oyendera madziwo amafuna malipiro ndi petulo wa boti.

Wowerenga,
Monkey Bay