Musanaimbe mlandu CapCut, yang'anani nsalu yanu

Masiku ano aliyense amene ali ndi foni komanso CapCut kapena KineMaster angathe kuchotsa khoma kumbuyo kwa woimba n'kuikapo mathithi kapena misewu ya ku Dubai. Koma mavidiyo ambiri a green screen amadziulula okha: tsitsi lodyeka m'mbali, masaya obiriwira, munthu ngati wachita kumatidwa ndi guluu. Ambiri amati pulogalamu ndiye yosalongosoka. Ine ndikuti vuto limayambira pojambula.

Njirayi ndi yakale. Larry Butler anagwiritsa ntchito blue screen mu filimu ya The Thief of Bagdad ya mu 1940, mpaka analandira nayo Oscar. Lero ntchitoyo ikugwiridwa ndi kompyuta, koma mfundo sinasinthe: mumachotsa mtundu umodzi, zina zonse zitsale. Wobiriwira unafala chifukwa uli kutali ndi mtundu wa khungu, komanso makamera ambiri amakono ali ndi timaso toona zobiriwira towirikiza kawiri poyerekeza ndi toona zofiira kapena zabuluu.

Vuto lili apa. Nsalu ikakhala ndi makwinya, kapena mbali ina ikamawala kuposa inzake, kamera imaona mitundu yobiriwira yambirimbiri. Mukakweza mphamvu yochotsera kuti yonse ichoke, pulogalamu imayamba kudya mapewa ndi tsitsi. Foni nayo imataya zambiri zokhudza mitundu kuti fayilo ichepe, n'chifukwa chake m'mbali mwa munthu mumatuluka manomano.

Mankhwala ake ndi osalira ndalama zambiri. Sitani nsalu, muikoke kuti iwongoke. Woimba aime pafupifupi mamita awiri kuchokera pamene pali nsaluyo kuti mthunzi wake usagwerepo, ndiponso kubiriwirako kusamuwalire pakhungu. Ngati mulibe malaiti, jambulani panja pamthunzi kapena kunja kukachita mitambo. Sankhani chithunzi chakumbuyo musanajambule. Ngati dzuwa lake likuchokera kumanzere, nkhope nayo iwale kumanzere. Yunifolomu ya kwaya ikakhala yobiriwira, pezani nsalu yabuluu.

Wina anganene kuti tikungophunzira, bola kuyesa. Zoona, palibe anabadwa akudziwa. Koma kwaya imene yasonkherana ndalama kuti muijambule sikulipira kuti muyesere pa iyo. Ndipo kwa ife ofuna ntchito tikamaliza sukulu, vidiyo iliyonse imene taika pa YouTube kapena TikTok ndi CV. Wolemba ntchito sadzafunsa kuti munali ndi kamera yanji, adzangoona khutu lomwe lasowa.

Pomaliza, dzifunseni ngati nsaluyo ikufunikadi. Nyimbo ikafuna phiri, la Zomba ndi la Mulanje alipo, nyanja nayo ilipo. Green screen muisungire malo amene kamera yanu singafikeko, ndipo tsiku lomwe mwaisankha, muyambe mwakonza kuwala musanadine batani lojambulira.