Msika wa Alt-M: Kodi wamalonda wa pa City Market angafikepo?

Wamalonda wa pa City Market mu mzinda wa Lusaka akafuna kukuza bizinesi yake amadalira cilimba, kaloba kapena nkhongole ya kubanki ya ciongoladzanja cokwera. Komatu pali njira ina yopezera ndalama, yomwe ndi kugulitsa masheya pa msika wa Lusaka Securities Exchange, LuSE mwacidule, umene unayamba nchito mu caka ca 1994.

Msikawu umaika makampani m'magulu. Pamwamba pali makampani olembedwa mokwanira, monga Zambia Sugar, Zanaco ndi Zambeef. Kampani yofuna kulowa m'gululi iyenera kuonetsa kuti yakhala ikupanga phindu kwa zaka zitatu, ndiponso masheya 25 pa 100 aliwonse ayenera kukhala m'manja mwa anthu wamba. Pali gulu lina la makampani amene masheya ao amagulitsidwa pamsikapo ngakhale kuti sanakwaniritse malamulo onsewa. Kenaka pali Alt-M, msika umene unakhazikitsidwira makampani ang'ono ndi omwe akukula kumene.

Nzeruyi siinayambire kuno. Ku London anatsegula msika wotere, wa AIM, mu 1995, ndipo Zambeef inalowako mu 2011. Ku Johannesburg anatsegula AltX mu 2003. Misika yonseyi imafewetsa malamulo olowera, koma imaumiriza kampani kukhala ndi mlangizi wovomerezeka amene amaiyang'anira ndi kuyankha ku msika ngati zinthu zapotoka. Alt-M nayonso iyendera lamulo lomweli.

Apa ndiye pagona nkhani. Kufewetsa malamulo sikucotsa udindo woulula zonse. Kampani iyenera kulembetsa ku PACRA monga kampani imene anthu angagulemo masheya, masheyawo alembetsedwe ku kabungwe ka Securities and Exchange Commission, ikhale ndi bungwe la otsogolera, ndipo mabuku ake a ndalama aunikidwe ndi akatswiri caka ndi caka. Phindu likatsika kwambiri, eni masheya ayenera kuuzidwa poyera. Zonsezi zifuna ndalama, ndipo mlangizi uja sagwira nchito yaulere.

Tsono taganizirani wamalonda wa salaula amene aoda mabelo ambiri mwezi uliwonse. Ndalama zimadutsa m'manja mwake, mwina kuposa za makampani ena a maofesi okongola ku Kabulonga, koma mabuku ake ndi kabuku ka m'thumba ndi mauthenga a pa lamya. Ndalama za bizinesi ndi za pakhomo zili m'cikwama cimodzi. Ndiponso ambiri safuna kuti mlendo akhale ndi mau pa cuma ca banja. N'cifukwa cake sizodabwitsa kuti Alt-M inakhala zaka zambiri popanda kampani ndi imodzi yomwe yolembetsa.

Ena akuti malamulowa afewetsedwenso. Ganizoli n'loopsa, pakuti wogula masheya angakhale mphunzitsi wopuma pa nchito wa ku Kabwata kapena Chelstone amene waikapo penshoni yake, ndipo citetezo cake ndi mabuku oona basi. Cofunika ndi kuthandiza amalonda kusunga mabuku ndi kucepetsa mtengo wa alangizi. Moto umene unatentha City Market mu July 2017 unaononga katundu wa amalonda ambiri, ndipo wopanda mabuku sakanatha kutsimikizira banki kapena wina aliyense kukula kwa zimene anataya.