KODI "SPRING" NDI CHIANI?

Tsiku lina m'teremu yathayi tinapatsidwa ndime ya Chingerezi kuti tiitembenuzire m'Chichewa. M'ndimemo munali chiganizo chonena za mai wina amene anapita ku "spring" atasenza mtsuko. Ine, pokumbukira zimene ndinaloweza ku pulaimale, ndinalemba kuti maiyo anayenda ulendo m'nyengo ya maluwa. Mnzanga wokhala naye benchi limodzi, amene atate ake amakonza njinga, analemba kuti anapita kukagula sipuling'i. Tonse awiri tinalandira mtanda wofiira. Maiyo anangopita ku kasupe kukatunga madzi, monga achitira amai athu m'mawa uli wonse kuno kwa Msakambewa.

Ndinachita manyazi ndithu, koma nditaganizira bwino ndinaona kuti sitinalakwe chifukwa cha ulesi ai. Chinatigwetsa ndi njira imene timaphunzirira mau. Ambiri a ife tiri ndi kabuku momwe timalemba mau a Chingerezi kumanzere ndi tanthauzo limodzi lokha kumanja, ndipo usiku tisanagone timaloweza ngati masamu ochulukitsa. Ine ndiyesa kuti njira imeneyi ndi yoipa, ndipo mau omwewa a "spring" andithandiza kusonyeza chifukwa chake.

M'dikishonale wamkulu wa m'laibulale ndinapeza kuti mauwa anachokera ku mneni wa Chingerezi chakale, "springan," wotanthauza kudumpha kapena kutumphuka mwadzidzidzi. Mukagwira tsinde limeneli, nthambi zonse mwazipeza. Kasupe ndi "spring" chifukwa madzi ake amatumphuka m'nthaka. Chitsulo chopiringizika cha pansi pa chishalo cha njinga ndi "spring" chifukwa mukachipanikiza chimabwerera ndi mphamvu. Ndicho chimene Robert Hooke anafufuza, nafalitsa lamulo lake m'chaka cha 1678, lakuti chitsulocho chimatanuka molingana ndi kulemera kwa chimene mwachikoleka. A Fomu 3 tikulidziwa bwino, pakuti linatitulutsa thukuta m'chipinda cha sayansi. Nyalugwe akalumphira mbuzi, Mngerezi anena mau omwewa. Msampha wa nkhanga ukafwamphuka, ndi omwewanso. Ngakhale mwana amamutcha "offspring," ndiko kuti wophuka kuchokera mwa makolo ake, ngati mphukira pa chitsa.

Agogo anga aamuna, amene anapita ku Joni ndi Wenela, amakonda kutchula tauni ya Springs, kum'mawa kwa Johannesburg. Kale ndinkayesa kuti kumeneko ndiko amasula masipuling'i, chonsecho dzinalo linachokera ku akasupe a kumaloko. Ndipo mbawala ya kumeneko yotchedwa "springbok" inapatsidwa dzina chifukwa cha kulumpha kwake basi. Palinso mau ena amene angakole munthu pa mayeso, "spring tide." Ife a kumapiri, amene sitinaione nyanja ya mchere, tingayese kuti ndi madzi a nyengo ina ya chaka. Iai, ndi kusefukira kwakukulu kwa nyanja kumene kumachitika kawiri pa mwezi, mwezi ukangooneka kumene ndiponso ukakhala wathunthu, chaka chonse.

Tsono ndifike pa tanthauzo lija linandigwetsa, la nyengo. Ku England, chisanu chimakhala choopsa, mitengo imayoyoka masamba, minda imauma gwa. Pofika March mpaka May zonse zimaphukanso. Makolo a Angerezi nyengoyi ankaitcha "lencten," kumene kunachokera dzina la Lenti amene asunga Akatolika ndi a Angilikani. Pambuyo pake anayamba kunena "spring of the leaf," kutanthauza kuphuka kwa tsamba, ndipo potsiriza anadula mau enawo nasiya amodzi. Kotero nyengonso ndi nthambi ya tsinde lomwe lija.

Apa ndipo pali dandaulo langa lalikulu. Tikauzidwa kulemba chimangirizo cha nyengo imeneyi, pafupifupi tonse timalemba za chipale chosungunuka ndi maluwa achikasu amene tangowaona pa zithunzi, ndi kunena kuti zichitika mu March. Kodi mu March kwathu kuno kumachitika zotero? Umenewo ndi mwezi wa kumapeto kwa dzinja, pamene tikuotcha mondokwa ndi kuphika maungu. Timalemba bodza, timalilemba mwaukhondo, ndipo nthawi zina timapata nalo malikisi abwino. Ife nyengo zathu tiri nazo: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe, ndipo sizilowa bwino m'mabokosi anai a Angerezi.

Koma tayang'anani m'mbali mwa phiri la Kongwe kapena la Ntchisi mu September. Udzu wapsa, pansi pali lupsa lokhalokha, mvula sinadonthe kwa miyezi inai kapena isanu, ndipo chizimalupsa chikadali patali. Pamenepo ndi pamene mitengo ya mombo ndi ya tsamba imatulutsa masamba atsopano, ofiira, ena ngati mkuwa, ofewa ngati khutu la mwana, amene pakapita masabata ochepa amabiriwira. Ngati kumeneko si kuphuka kwa tsamba, nanga ndi chiani? Anthu a ku South Africa, amene ali kum'mwera kwa dziko lapansi monga ife, "spring" yao amaiwerenga kuyambira September. Chimangirizo chonena za masamba ofiirawo chingakhale choona, ndipo ndikhulupira kuti Chingerezi chake chingakomenso koposa, pakuti munthu salemba bwino chimene sanachione.

Ena adzati ofunsa mayeso amafuna tanthauzo la ku England. Chabwino, tilidziwe, powerenga mabuku ao tiyenera kumvetsa chifukwa chake iwo amasangalala ndi April. Kulidziwa sikutikakamiza kunamizira kuti ndi lathu. Enanso m'kalasi mwathu anati Chingerezi ndi chilankhulo chosokonezeka. Amenewo ndiwafunse za mneni wathu "kumva." Timamva belu, timamva njala, timamva fungo la nyemba zopserera ku khitchini, timamva Chingerezi, ndipo mwana wamwano timati ndi wosamva ngakhale makutu ake ali bwino. Mlendo woloweza tanthauzo limodzi la "kumva" angalandire mtanda wofiira ngati wanga uja.

Aphunzitsi athu olemekezeka, pempho langa ndi lakuti mukatipatsa mau atsopano, muzitifunsa ziganizo zitatu kapena zinai m'malo mwa tanthauzo limodzi, ndipo kumene kuli kotheka mutionetse kumene mauwo anachokera. Ine kabuku kanga ndakasintha kale. Tsamba la "spring" ladzala, ndipo mnzanga wa njinga uja waonjezapo masipuling'i a lole, zitsulo zija zaphanthiphanthi zosanjikizana, zosapiringizika konse. Nditamuuza kuti Angerezi amazitcha "leaf spring," anakana kwa mtu wa galu, mpaka tinapita tonse ku laibulale kukatsegula dikishonale.