Tiyi wa ku Thyolo ngwokoma, koma muuzireni kaye

Abale anga a m'misika, inu a kaunjika ku Limbe, a kabichi pa Bvumbwe, ndi inu a matiirumu pa Thyolo boma, sabata ino tikambe za mmero, njira ija nsima imadzera popita m'mimba.

Kodi mukudziwa kuti njerewere zimatha kumera m'kati mwa mmero? Ee, zonga zija za pachala. Madotolo amazitcha papilloma. Nzosowa zedi: mwa anthu 100 ounikidwa kummero ndi kamera, nthawi zambiri sapezeka nazo ngakhale mmodzi. Zimayamba mmero ukamapsa pafupipafupi ndi chilungulira, pena ndi kachirombo ka HPV. Kanjerewere kakakhala kamodzi kawirikawiri sikavuta, dotolo amangokadula ndi kachipangizo kolowetsa pakamwa, nkhani yatha. Koma zikamera zambirimbiri zimatha kupanikiza njira ya chakudya, ndipo mwa apo ndi apo zimasanduka khansa.

Tsono vuto lenileni lili apa. Kuno kwathu nsima ikayamba kukakamira pachifuwa, tisathamangire kunena kuti ndi tinjerewere chabe. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero yafala kwambiri pa dziko lonse. Imabwera mwakachetechete: lero nyama yakana kutsika, mawa nsima mpaka kukankhira ndi madzi, kenako phala lokha, mapeto ake ngakhale malovu. Munthu nkuonda, anthu nkumanong'ona kuti wamulodza ndi mnzake wa benchi loyandikana. Ndalama ya mpamba nkuthera kwa asing'anga.

Nanga tiyi akubweramo bwanji? Ku Thyolo tiyi ndiye moyo. Esiteti ya Satemwa idayamba kale mu 1923, ndipo mabanja ambiri amadya chifukwa chothyola masamba kumeneko, ku Makandi, ku Conforzi kaya ku Naming'omba. M'chisanu cha chiperoni, ndani angakane kapu yofuka nthunzi? Tiyiyo alibe mlandu, mlandu uli pa kutentha kwake. Mu 2016 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, lidati zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa ya kummero. Mu 2022 kafukufuku wochitika ku Blantyre ndi ku Tanzania adapeza kuti omwa tiyi ndi phala zili moto, mothamanga, amadwala kwambiri nthendayi kusiyana ndi odikira kuti zizizire. Mmero ukamapsa tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka, umatopa. Wonjezeranipo fodya ndi kachasu, ndiye mwathira palafini pamoto.

Kaya ndi njerewere kaya ndi khansa, ndi maso sitingadziwe, mpaka kamera ilowe. Choncho chakudya chikayamba kuvuta kumeza, musadikire kuti katundu athe kaye. Pitani ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa, nenani mosabisa, ndipo funsani za kukaunikidwa ku Gulupu ku Blantyre. Ochedwa ambiri amangoikidwa kapaipi kotsegula njira kuti phala lizitsika, nthenda ili pompo. Paja safunsa adadya phula.

Inu a matiirumu, kasitomala musamamuthamangitse pa benchi. Mlekeni auzire tiyi wake, mphindi zochepa sizingagwetse bizinesi. Tikufuna adzabwerenso chaka chamawa, akumeza sikono bwinobwino.